KULAMULA MAKINA NDI MANAMBALA: M'MENE MAKINA A CNC AMAJAMBULIRA SIKWEYA NDI BWALO

 M'nkhani ya lero tikambirana za makina osema zitsulo ndi matabwa amene sayendetsedwa ndi dzanja la mmisiri, koma ndi manambala olembedwa. Makinaŵa amatchedwa CNC. Ndikupempha kuti amene muli ndi kope la masamu, lija la timabokosi, mulitenge pamodzi ndi pensulo, pakuti tisanatsirize nkhani yathu mukhala mutalemba nokha malamulo amene makina otere angathe kuŵamvera.

Kapena wina afunsa kuti, "Kodi nkhani yotere ikutikhudza bwanji ife alimi a manachesi, tirigu ndi mbatatesi?" Yankho lili pa chigayo. Tonse tikudziŵa zimene zimachitika kachitsulo kamodzi ka m'chigayo kakatha kapena kuthyoka. Chigayo chimaima, amai amasenza chimanga mtunda wautali, ndipo mwini chigayo amauyamba ulendo wa ku Mwanza kapena ku Blantyre, ulendo umene pa nyengo ya dzinja suchedwa kusanduka wa masiku aŵiri. N'chimodzimodzinso mjigo wa pamudzi ndi njinga yamoto ya kabaza. Amisiri athu owotcherera ali ndi luso ndithu, koma pali zitsulo zina zimene zimafunika kuti zikwane ndendende pamalo pake, osasiyana ngakhale ndi kukula kwa tsitsi limodzi. Dzanja la munthu, ngakhale likhale lodekha chotani, silingaseme zitsulo makumi aŵiri zofanana chomwecho. Ntchito imeneyi ndiyo ya makina amene tikukambaŵa.

Makina ake ndi otani?

M'Chingerezi makinaŵa amatchedwa mill, dzina lomwenso amatchulira chigayo, koma iwo sagaya chimanga ai. Ali ndi tebulo lachitsulo pamene amamangirirapo chinthu choti chisemedwe. Pamwamba pa tebulolo pamalendeŵera mutu wogwira kampeni kooneka ngati choboolera, kamene kamazungulira mwaliŵiro nikamadya chitsulo pang'onopang'ono. Pa makina akale, mmisiri ankapotokola zigwiriro zitatu ndi manja: china chosunthira tebulo kumanja ndi kumanzere, china kutsogolo ndi kumbuyo, china chokwezera ndi kutsitsira. Pa makina a CNC zigwiriro zija zidaloŵedwa m'malo ndi mamota atatu, ndipo mamotawo amamvera kompyuta. Zilembo zitatuzo, C, N ndi C, n'zoyambira mau a Chingerezi otanthauza kulamula ndi manambala kudzera mu kompyuta.

Nzeru imeneyi sidabadwe tsiku limodzi. M'chaka cha 1804, ku Lyon m'dziko la France, Joseph Marie Jacquard adakonza makina oombera nsalu amene ankatsata makadi obooledwa, kotero kuti maluŵa a pansalu ankatuluka molingana ndi mabowowo. Patapita zaka zoposa 140, ku Traverse City m'chigawo cha Michigan ku America, John T. Parsons ndi mnzake Frank Stulen, amene ankapanga mapiko a ndege za helikopita, adayamba kuŵerengera malo ambirimbiri a m'mphepete mwa phiko pogwiritsa ntchito makina a makadi. Kenaka munthu mmodzi ankaŵerenga manambalawo mokweza, ena aŵiri namapotokola zigwiriro. Ataona kuti njirayi ikuthandiza, adaganiza zoti makinawo aziŵerenga okha manambala. M'chaka cha 1949 gulu lankhondo la m'mlengalenga la America lidapereka ndalama za ntchitoyi, ndipo mu 1952 akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT adaonetsa makina osema zitsulo oyendetsedwa ndi lamba wapepala wobooledwa. Pambuyo pake kompyuta idatenga malo a lambayo.

Chilankhulo cholamulira makinaŵa chimatchedwa G-code, chifukwa malamulo ake ambiri amayamba ndi chilembo cha G. Chidakhazikitsidwa ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1982 bungwe loona za miyezo pa dziko lonse la ISO lidachivomereza pa nambala 6983. Monga Chicheŵa cha ku Dedza chimasiyana pang'ono ndi Chinyanja cha ku Tete koma anthu namamvana, makina a makampani osiyana amasiyana pa mau ena, koma mau amene tiphunzire leroŵa amamveka pafupifupi kwa onse.

Kuuza makina malo

Makina alibe maso. Simungaŵauze kuti "sunthira apo" kapena "bwera chakuno". Malo aliwonse ayenera kukhala ndi dzina la manambala. Taganizani za munda wa manachesi wobzalidwa bwino m'mizere. Mukafuna kutuma mwana ku mtengo wina osapita naye, mumati, "Uyambire pa ngodya ya kuchitsime, uŵerenge mizere inai, kenaka uloŵe mumzeremo uŵerenge mitengo itatu." Manambala aŵiriwo, 4 ndi 3, akwanira kuloza mtengo umodzi pakati pa mitengo mazana. Koma onani kuti akwanira pokhapokha inu ndi mwanayo mutagwirizana za ngodya yoyambira.

Njira yotchulira malo ndi manambala aŵiri idafalitsidwa ndi René Descartes wa ku France m'buku lake la mu 1637. Nambala yoyamba imatchedwa X, ndipo imanena mtunda wopita kumanja. Yachiŵiri imatchedwa Y, ndipo imanena mtunda wopita kutsogolo, kapena kuti kumtunda kwa pepala. Pa makina athu pali yachitatu, Z, yonena kukwera ndi kutsika kwa kampeni. Ngodya yoyambira ija ndi X0 Y0.

Tsono tsekulani kope lija. Sankhani mphambano imodzi ya mizere chakumunsi kumanzere, muikepo kadontho, mulembe X0 Y0. Tiyerekeze kuti kabokosi kalikonse ndi mamilimita 10.

Mphunzitsi wanzeru salola wophunzira kuyamba ndi kampeni. Amachotsa kampeniko namangirira cholembera pamutu wa makina, nayala pepala patebulo, osayatsa mota yozunguza ija. Motero wophunzira akalakwa, chotayika ndi pepala chabe. Ifenso tiyamba ndi cholembera.

Sikweya

Sikweya ndi chithunzi cha mbali zinai zofanana ndi ngodya zinai zoongoka. Yathuyi mbali iliyonse ikhala mamilimita 40. Malamulo ake ndi aŵa:

G21
G90
G00 Z5
G00 X0 Y0
G01 Z0 F200
G01 X40 Y0
G01 X40 Y40
G01 X0 Y40
G01 X0 Y0
G00 Z5
M30

Tiyeni tiŵamasulire. G21 ikuuza makina kuti manambala onse ali m'mamilimita, osati m'mainchesi. G90 ikuti malo onse aziŵerengedwa kuchokera pa ngodya yoyambira ija. G00 ndi lamulo lothamanga osalemba kanthu: poyamba cholembera chikwera mamilimita 5 pamwamba pa pepala, kenaka chipita pa X0 Y0. G01 ndi lamulo loyenda mzere woongoka pa liŵiro loikidwa, ndipo liŵirolo ndi F200, ndiye kuti mamilimita 200 pa mphindi imodzi. Z0 itsitsa cholembera kuti chikhudze pepala.

Mizere inai yotsatirayo ndiyo sikweya yeniyeniyo. Itsateni ndi pensulo. Kuchokera pa kadontho kanu, pitani timabokosi tinai kumanja: pamenepo ndi X40 Y0. Kwerani timabokosi tinai: X40 Y40. Bwererani kumanzere timabokosi tinai: X0 Y40. Tsikani mpaka pamene mudayambira. Potsiriza cholembera chikwera, ndipo M30 ikuti ntchito yatha. Popeza mbali zinaizo pamodzi ndi mamilimita 160, makina ajambula sikweyayo m'masekondi 48.

Pali njira inanso yolembera, yotchedwa G91. M'njira imeneyi simutchula malo amene mukupita, koma mtunda woti muyende kuchokera pamene mwaima: X40, kenaka Y40, kenaka X-40, kenaka Y-40. Kamzere ka kuchotsera kali patsogolo pa nambalako kakutanthauza kubwerera. Njira ziŵirizi n'zabwino zonse, koma kuzisokoneza n'koopsa. Makina amene ali pa G91 akapatsidwa mizere ya sikweya yathu yoyamba ija, pa mzere wa X40 Y40 apita pa X80 Y40, kunja kwa chithunzi. N'chifukwa chake mmisiri wosamala amalemba G90 kapena G91 pamwamba pa ntchito iliyonse, osadalira zimene mnzake adasiya dzulo.

Chithunzi cha ngodya zitatu

Amisiri omanga nyumba amadziŵa kuti akayesa mapazi 3 pa chingwe china, mapazi 4 pa chinzake, napeza mapazi 5 pakati pa nsonga ziŵirizo, ndiye kuti ngodya ya maziko yaongoka. Lamulo limeneli limatchedwa la Pythagoras. Tiyeni tijambule chithunzi chomwecho. Kuchokera pa X0 Y0 pitani pa X40 Y0, kenaka pa X40 Y30, kenaka mubwerere pa X0 Y0. Mzere wotsirizawo ndi wopingasa, ndipo utali wake ndi mamilimita 50, ngakhale nambala 50 simudailembe paliponse.

Apa ndipo pagona luso la makinaŵa. Kuti mzere wopingasa utuluke, mamota aŵiri ayenera kuyenda pamodzi, kuyambira limodzi ndi kuimira limodzi, ina ikuyenda mamilimita 40 pamene inzake ikuyenda 30. Munthu wopotokola zigwiriro ziŵiri ndi manja aŵiri sangathe kusunga muyeso wotere. Kompyuta imatha motere. Makina ang'onoang'ono ambiri ali ndi mamota oyenda modumphadumpha, ndipo mota yotere imadumpha ka 200 kuti izungulire kamodzi. Motayo imazunguza bauti lalitali la mazinga limene limakankha tebulo. Ngati bautilo likankha tebulo mamilimita 5 pa kuzungulira kumodzi, ndiye kuti kudumpha kumodzi ndi mamilimita 0.025, kuchepa kuposa tsitsi la munthu. Mamilimita 40 ndi kudumpha ka 1,600, ndipo mamilimita 30 ndi ka 1,200. Kompyuta imagaŵa kudumphako kuti mota ya X ikadumpha kanai, ya Y idumphe katatu, mpaka kumapeto. Mzere umene maso athu amauona ngati woongoka ndi timasitepe ting'onoting'ono zikwizikwi. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Mukafuna chithunzi cha mbali zitatu zofanana, iliyonse mamilimita 40, nsonga yake ikhala pakati, pa X20, ndipo kutalika kwake mukupeza ndi lamulo la Pythagoras lomwe lija: 40 kuchulukitsa ndi 40 ndi 1,600, 20 kuchulukitsa ndi 20 ndi 400, kuchotsera patsala 1,200, nambala imene ikadzichulukitsa yokha ipereka 1,200 ndi 34.64. Nsongayo tsono ndi X20 Y34.64. Ana a sukulu amene mumafunsa kuti masamu otere adzakuthandizani chiyani, yankho ndi limeneli.

Bwalo

Womanga nkhokwe kapena nyumba yozungulira amakhoma chikhomo pakati, namangapo chingwe, nazungulira akulemba pansi ndi kamtengo. Makinanso amafuna zinthu zomwezo: poyambira, pothera ndi pamene pali chikhomo. Lamulo la G02 limazungulira monga muvi wa wotchi, pamene G03 imazungulira mobwerera. Malo a chikhomo amatchulidwa ndi zilembo I ndi J, ndipo pa makina ambiri zimaŵerengedwa kuchokera pamene cholembera chaima.

Tijambule bwalo lokwana m'kati mwa sikweya yathu. Pakati pake ndi X20 Y20, ndipo chingwe chake ndi mamilimita 20. Kwezani cholembera, mupite pa X0 Y20, pakati pa mbali ya kumanzere, muchitsitse. Kenaka mulembe mzere umodzi wokha:

G02 X0 Y20 I20 J0

Mau ake ndi akuti: zungulira monga wotchi, ukathere pa X0 Y20 pomwe wayambira, chikhomo chili mamilimita 20 kumanja kwako. Bwalolo likhudza mbali zonse zinai za sikweya, ndipo mtunda wake wonse ndi mamilimita pafupifupi 126.

Bwalo ndilo mayeso enieni a makina. Bauti la mazinga lija likayamba kutha, pamakhala kampata pakati pa ilo ndi nati yake, kotero kuti mota ikatembenuka imayamba yazungulira pachabe tebulo lisanasunthe. Pojambula bwalo, mota iliyonse imatembenuka kaŵiri, ndipo kampatako kamaonekera pa malo anai: kumtunda, kumunsi, kumanja ndi kumanzere. Munthu wofuna kugula makina ogwirapo kale ntchito achita bwino kuŵajambulitsa bwalo asanatulutse ndalama.

Pochoka pa cholembera kupita pa kampeni

Cholembera chikachotsedwa n'kuikapo kampeni, pamabwera zinthu zina zofunika kusamala. Choyamba n'chakuti kampeni kali ndi thupi. Manambala amene mumalemba amatsatidwa ndi pakati pa kampeniko. Kampeni ka mamilimita 6 kakayenda pa mzere wa sikweya yathu, kadya mamilimita 3 mbali iyi ndi 3 mbali inayo. Chidutswa chotuluka chikhala cha mamilimita 34, pamene dzenje lotsala likhala la 46. Wofuna chidutswa cha 40 ayenera kuyendetsa kampeni kunja, kuyambira pa X-3 Y-3 mpaka pa X43 Y43, kapena kugwiritsa ntchito malamulo a G41 ndi G42 amene amauza makina kuti adziŵerengere okha kupatukako. Dziŵaninso kuti popeza kampeniko n'kozungulira, ngodya za m'kati mwa dzenje sizingatuluke zosongoka.

Chachiŵiri ndi kuya. Z-1 ikutanthauza kuloŵa milimita imodzi m'chitsulo. Wolemba Z-10 m'malo mwa Z-1.0, chifukwa choiŵala kadontho kamodzi, athyola kampeni, aononga chitsulo, mwinanso avulaza amene waima pafupi. Makina samafunsa kuti, "Kodi mwatsimikiza?" Amachita zimene mwalemba, osati zimene mumaganiza. Tsono mmisiri amayamba wayendetsa ntchito yonse m'mwamba, kampeni kasakukhudza kanthu, dzanja lake lili pa batani lofiira loimitsira makina. Amavala magalasi oteteza maso, ndipo malaya olendeŵera saloledwa pafupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu ndi ngodya yoyambira ija. Makina ang'onoang'ono ambiri amadziŵa pamene ali poŵerenga kudumpha kwa mamota, ndipo magetsi akazima pakati pa ntchito, chiŵerengerocho chimatayika. Amene sadalembe m'kope pamene adaika X0 Y0, kapena sadaikepo chizindikiro, ayenera kutaya chitsulocho n'kuyambiranso. Kuno kwathu, kumene kuzima kwa magetsi si nkhani yachilendo, mwambo wosunga poyambira ndi wofunika ngati kampeni komwe.

Nanga kwathu kuno?

Boma la Neno, limene lidapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, silili kutali ndi ntchito za makina akuluakulu. Pa mathithi a Nkula, pa mtsinje wa Shire, makina opukusa magetsi adayamba ntchito mu 1966, ndipo a ku Tedzani adatsatira mu 1973. Njanji yochokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala, imene idamangidwa m'zaka za m'ma 2010, imadutsa m'boma lino popita ku Nkaya. Ziwalo za makina opukusa magetsi ndi za sitima zimatha ndi ntchito, ndipo zambiri zamakono zimasemedwa ndi makina olamulidwa ndi manambala. Funso n'lakuti amene azidzazisema ndi kuzikonza adzakhala ana a yani.

Maphunziro a ntchito zoterezi alipo m'dziko muno. Sukulu ya Polytechnic ya ku Blantyre idatsekulidwa mu 1965, ndipo mu 2021 idasanduka yunivesite yoima payokha yotchedwa MUBAS. Mu 2016, mogwirizana ndi Rice University ya ku America, sukuluyi idatsekula chipinda chopangiramo zinthu, m'mene ophunzira adayamba kuyesa kupanga zipangizo zachipatala. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'masukulu monga a Soche, Nasawa ndi Lilongwe. Komanso makina ang'onoang'ono a CNC, okwana patebulo, adatsika mtengo kwambiri kuyambira pamene pulogalamu yaulere yotchedwa GRBL idatuluka mu 2009, imene imathandiza kachipangizo kotchipa ka Arduino kumva G-code. Makina osindikiza zinthu a 3D nawonso amamvera chilankhulo chomwechi, kotero wophunzira chimodzi wayamba kale kudziŵa chinzake.

Koma mwaona nokha kuti gawo loyamba la ntchitoyi silifuna makina, silifuna ngakhale magetsi. Aphunzitsi angathe kulemba mizere pa bwalo la sukulu, mwana mmodzi nakhala woŵerenga malamulo, wina nakhala makina oyenda pokhapokha pamene wauzidwa, monga ankachitira anthu a Parsons aja. Mwana amene waphunzira kunena malo ndi manambala, ndi kuŵerenga ntchito yake kaŵiri asanaipereke, wagwira kale mutu wa nkhaniyi.

Ndikusiyirani ntchito iyi. Lembani malamulo ojambulira khomo la nyumba, mulifupi mwake mamilimita 40, mbali zake zoongoka zotalika mamilimita 60, ndipo pamwamba pake pakhale theka la bwalo. Muyambire pa X0 Y0, mupite kumanja, mukwere, kenaka muganize bwino ngati pofunika G02 kapena G03, ndiponso ngati nambala ya I ifuna kamzere ka kuchotsera kapena ai. Mukatha, mpatseni mnzanu kope ndi pensulo, mumuŵerengere malamulowo iye osaona chithunzi chanu. Chimene ajambule iye ndicho chimene makina akadajambula.